Ndili chaka chachitatu: GMAT ndilemberetu kapena ndidikire?

Tadala:
Moni nonse. Ndili chaka chachitatu ku yunivesite, ndikuphunzira za akaunti, ndipo ndimafuna tsiku lina ndidzachite MBA, digiri ya masters ya kayendetsedwe ka bizinesi. Mnzanga wandiuza kuti GMAT, mayeso olowera ku sukulu za bizinesi, ndilemberetu ndisanamalize digiri, poti masamu adakali m'mutu. Mphunzitsi wathu wina akuti ndikungodzivutitsa, sukulu za bizinesi zimafuna munthu amene wagwirako kaye ntchito. Onse awiri akulankhula motsimikiza, ine ndangoti kakasi. Amene munalembapo ndithandizeni: ndiyambe liti, ndipo ndiyambire pati? Pakadali pano ndabwereka buku kwa wina amene analemba kale, ndayamba ndi gawo la Sentence Correction, lokonza galamala ya ziganizo, chifukwa ndi lomwe lili ndi masamba ambiri.

Yamikani:
Achemwali, tisanafike kwina kulikonse, bukulo litsekeni. Mukukonzekera mayeso amene anatha. GMAT inasintha mu Novembala 2023, ndipo yakale ija anasiyiratu kulembetsa kumapeto kwa Januwale 2024. Sentence Correction anaichotsa, chimangirizo anachichotsa, mafunso a geometry nawonso anawachotsa pa masamu.

Yomwe ilipo pano ili ndi magawo atatu, lililonse mphindi 45. Quantitative Reasoning (masamu) mafunso 21, Verbal Reasoning (kuwerenga ndi kusanthula mfundo) mafunso 23, Data Insights (kumasulira matebulo, magirafu ndi manambala) mafunso 20. Onse pamodzi 64, m'maola awiri ndi mphindi 15, ndipo mukafuna mumapumako kamodzi mphindi 10. Gawo loyambira mumasankha nokha. Malikisi amayambira 205 kulekeza 805, ndipo magawo atatuwa amalemera mofanana.

Tadala:
Mayo ine! Masabata atatu ndakhala ndikuloweza malamulo a galamala.

Yamikani:
Sizinapite pachabe, galamala idzakuthandizani polemba makalata ofunsira malo. Kungoti pa mayesowa simukumana nayo.

Mphatso:
Pa funso lanu lenileni a Tadala, mnzanuyo ndi aphunzitsi anuwo onse akunena zoona, kungoti aliyense wagwira mbali yake. Zotsatira za GMAT zimagwira ntchito zaka zisanu. Mukalemba mu 2026, zidzatha mphamvu mu 2031. Kwinaku anthu olowa MBA m'sukulu zikuluzikulu amakhala atagwira ntchito pafupifupi zaka zisanu, ena zitatu, ena zisanu ndi ziwiri. Kufunsira malo kumachitika pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanayambe. Ndiye werengani nokha. Mukalemba m'chaka chomaliza, n'kugwira ntchito zaka zitatu kapena zinayi, n'kufunsira malo, zotsatira zanu zidakali zamoyo. Mukalemba pano m'chaka chachitatu, chaka chimodzi chapita kale musanayambe n'komwe ntchito. Ndiye pakangochitika china, mwina ntchito yachedwa kupezeka kapena mwakwezedwa simukufuna kuchoka, mudzapeza zatha.

Ine ndinalemba miyezi iwiri nditamaliza digiri ndipo sindinong'oneza bondo. Munthu amene wakhala tsiku lonse mu ofesi, kuti madzulo akhalenso pansi ndi ma probability, ndi nkhondo. Anzanga amene anadikira akuvutika nazo mpaka pano.

Kondwani:
Ine ndibwere ndi mbali yowawa. Ndinachita zomwe mnzanuyo akukuuzani, ndinakonzekera m'semesita yomaliza, nthawi yomweyo ndikulemba kafukufuku wanga wa digiri. Masana kalasi, madzulo kafukufuku, usiku GMAT. Mapanga awiri avumbwitsa. GMAT ndinapeza yapakatikati, kafukufuku ndinapereka wosapsa, ndipo makosi awiri amene ndikanakhoza bwino ndinangodutsa mwamwayi.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti GMAT imabwerezedwa. Pakangotha masiku 16 mukhoza kulembanso, mpaka kasanu m'miyezi 12. Ndinabwereza patatha chaka ndipo inakwera. Koma magiredi aja ali pomwepo pa transcript, palibe tsiku limene ndidzakhale pansi n'kuwalembanso. Sukulu iliyonse imene ndafunsirako malo imawaona, ndipo pena ndimachita kufotokoza m'kalata chimene chinachitika semesita imeneyo. Ndiye a Tadala, ngati ola lomwe mukuwerenga za GMAT mukulichotsa ku kosi yomwe ili ndi mayeso mwezi wamawa, mukugulitsa chosabwerera kuti mugule chobwerera.

Mphatso:
Pamenepo sinditsutsa achimwene. N'chifukwa chake ine ndinadikira mpaka nditapereka zonse. Koma musamuopseze mwana, pali matchuthi. Tchuthi chachitali cha pakati pa chaka chachitatu ndi chachinayi ndi nthawi yabwino.

Kondwani:
Tchuthi chimenecho ndi cha internship. Pa CV ya munthu wongomaliza kumene, miyezi itatu ya ntchito yeniyeni imalemeranso.

Mphatso:
Internship siitha maola 24.

Anabanda:
Ana anga, mukukangana za nthawi musanamufunse mwanayu kuti akufuna kulowa pakhomo liti. Makomo ake ndi atatu, ndipo lililonse lili ndi kalendala yake.

Loyamba ndi MBA wamba, imene a Mphatso afotokoza. Mumaliza digiri, mugwira ntchito, kenako mufunsira malo. Apa palibe chothamangira.

Lachiwiri ndi lofunsira malo udakali pa sukulu, iwo n'kukusungira mpando. Harvard ili ndi pulogalamu yotchedwa 2+2: umafunsira m'chaka chomaliza cha digiri, akakutenga umakagwira ntchito zaka ziwiri mpaka zinayi, kenako n'kudzayamba MBA ya zaka ziwiri. Stanford, Wharton, MIT Sloan, Columbia, Chicago Booth ndi Kellogg ali nazonso zofanana nazo, aliyense ndi dzina lake. Ya ku Yale, Silver Scholars, ndi yosiyanako, chifukwa umalowa m'kalasi ukangomaliza digiri, n'kutuluka kukagwira ntchito, n'kubwerera kudzamaliza. Ambiri mwa mapulogalamu amenewa amatseka kulandira makalata cha mu Epulo. Ngati mtima wanu uli kumeneku, mayeso ayenera kukhala atalembedwa kale pofika nthawi imeneyo, ndi mpata wobwereza ngati zavuta. Apa mnzanu uja akulondola.

Lachitatu anthu ambiri saliganizira, Master in Management. Imeneyi anaipangira anthu ongomaliza kumene digiri kapena amene agwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri. London Business School, HEC Paris, ESSEC ndi INSEAD zonse zili nayo. Nayonso kawirikawiri imafuna GMAT kapena GRE, mayeso ena olowera maphunziro a masters, ndiye apanso mumalemba mudakali wophunzira.

Ine ndinadzera pakhomo loyamba, nditagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo m'kalasi ndinkaona kusiyana. Tikamakambirana nkhani ya kampani yomwe ikuchotsa anthu ntchito, amene anayamba wauzapo munthu kuti ntchito yatha amalankhula mosiyana ndi amene anangoziwerenga. Koma limenelo ndi khomo langa, si lamulo.

Tadala:
Zikomo kwambiri mayi. Zoti ungasungiridwe malo sindinkazidziwa n'komwe. Kunena zoona zandikopa, ngakhale ndikudziwa kuti opikisana nawo ndi ambiri. Tiyerekeze kuti ndasankha zimenezo. Masamu sindiwaopa, ndimakhoza bwino. Ndingoyang'ana kwambiri Chingerezi?

Yamikani:
Mawu akuti "masamu sindiwaopa" ndinawanenapo inenso. Tayankhani ili, ndi la mtundu wa Data Sufficiency, lomwe pano limapezeka mu Data Insights. Sakufunsani kuti yankho ndi chiyani, akufunsa ngati zomwe akupatsani zikukwanira kuyankha.

Funso: kodi x ndi yoposa 5?
Mfundo (1): x² = 16.
Mfundo (2): x ndi yochepera 10.

Ikukwanira ndi iti? Yoyamba payokha, yachiwiri payokha, zonse ziwiri pamodzi, iliyonse payokha, kapena ngakhale pamodzi sizikukwanira?

Tadala:
Yoyamba siikukwanira chifukwa x akhoza kukhala 4 kapena -4, sitikudziwa kuti ndi uti. Yachiwiri siikukwanira, 7 ndi yoposa 5 koma 2 ayi. Pamodzi x akadali 4 kapena -4. Ndiye ngakhale pamodzi sizikukwanira.

Chisomo:
Inenso ndapeza chomwecho.

Yamikani:
Nonse awiri mwagwa m'mbuna yomwe ndinagwamo. Werenganinso funso. Sanafunse kuti x ndi chiyani, afunsa ngati ndi yoposa 5. Akakhala 4, yankho ndi ayi. Akakhala -4, yankho ndi ayi. Kulikonse mukupeza ayi, ndipo ayi wotsimikiza ndi yankho lokwanira. Mfundo yoyamba payokha ikukwanira.

Taonani kuti masamu ake ndi a kusekondale. Palibe calculus, palibe chilichonse cha ku yunivesite. Munakumbukiranso -4, amene ambiri amamuiwala. Chakugwetsani ndi chizolowezi cha m'kalasi chofuna kupeza x nthawi zonse. Zimenezi n'zomwe mayesowa amasaka, ndipo munthu wokhoza masamu ndi amene amagwa msanga chifukwa amathamanga.

Tadala:
Eee, ndachita manyazi.

Chisomo:
Ine ndakwiya kumene, haha. Tipatseni lina.

Yamikani:
Lachidule, la mu Quant. Galimoto yapita ulendo pa liwiro la makilomita 60 pa ola, n'kubwerera msewu womwewo pa 40. Liwiro lapakati la ulendo wonse?

Chisomo:
Mtima ukuti 50, koma poti ndinu mwafunsa, si 50. Titenge mtunda wa makilomita 120. Kupita maola awiri, kubwera maola atatu. Makilomita 240 m'maola asanu, 48.

Yamikani:
Ndi zimenezo. Ndipo njira mwatengayo, yosankha nambala yosavuta m'malo molimbana ndi zilembo, ndi imene imapulumutsa nthawi. Kumbukirani kuti mu Quant mulibe kakyuleta, imapezeka mu Data Insights mokha. A za akaunti amene chala chinazolowera kudina, yambani pano kuwerengera pamanja: magawo, maperesenti, ma square mpaka 20.

Limbani:
Ndilowerereko pa za Verbal, poti a Tadala amati ayang'ane Chingerezi. Anthu amaganiza kuti gawoli limayesa kuchuluka kwa mawu a Chingerezi amene ukudziwa. Pa GMAT si choncho kwenikweni. Muli mitundu iwiri yokha, kuwerenga ndime n'kuyankha mafunso, ndi Critical Reasoning, komwe amakupatsa mfundo ya munthu kuti upeze pomwe yafooka kapena chomwe chingailimbitse.

Mwachitsanzo: kampani inayambitsa maphunziro a utsogoleri, olowa ndi amene akufuna. Patapita zaka, aona kuti amene analowa akukwezedwa msanga kuposa anzawo. Bwana akuti maphunzirowo ndi amene akukweza anthu, ndiye aliyense azilowa mokakamizidwa. Pafooka pati? Pa mawu akuti "amene akufuna". Mwina anthu odzipereka okha kukaphunzira ndi omwewo akhama amene akanakwezedwabe. Funso ngati limeneli mukhoza kulimasulira m'chinenero chilichonse, kuvuta kwake sikusintha.

Chomwe chimatipweteka ife amene Chingerezi si chinenero chathu choyamba ndi liwiro. Mafunso 23 m'mphindi 45, ndiye kuti funso lililonse silikwana mphindi ziwiri, kuphatikizapo kuwerenga ndime yonse. Liwiro limeneli silibwera m'mwezi umodzi. Ichi ndiye chinthu chokhacho chomwe ndinganene kuti yambani lero, chifukwa sichilanda nthawi ya makosi anu: mphindi 20 tsiku lililonse muziwerenga nkhani yolimba, ya sayansi, ya mbiri, ya chuma, makamaka ya phunziro lomwe simulikonda. Mukamaliza mutseke, munene m'chiganizo chimodzi chomwe wolembayo akufuna kuti mukhulupirire, ndi umboni womwe wapereka.

Chisomo:
Funso langa ndi lina pang'ono. Bwanji osangolemba GRE? Ndamva kuti ndi yosavuta ndipo sukulu zimailandira.

Limbani:
Kulandira zimalandiradi, sukulu zambiri za bizinesi masiku ano zimatenga iliyonse mwa ziwirizi. Koma zoti ndi yosavuta zimatengera munthu. GRE ndi ya bungwe la ETS, pomwe GMAT ndi ya GMAC. GRE nayonso anaifupikitsa mu Seputembala 2023, pano siikwana maola awiri. Ili ndi chimangirizo chimodzi cha mphindi 30, mafunso 27 a Verbal ndi 27 a Quant, gawo lililonse malikisi 130 mpaka 170. Masamu ake ambiri amati ndi ofewerapo, kakyuleta ilipo, koma geometry ilimo. Ndipo Verbal yake ndi imene imafunadi mawu, ena oti sunawamvepo chibadwire. Ine ndinaiyesa, ndinathawa.

Ubwino wake waukulu kwa munthu wa chaka chachitatu ndi wakuti GRE imagwiranso ntchito kunja kwa sukulu za bizinesi. Ngati pakatha zaka ziwiri mudzasintha maganizo n'kufuna masters ya economics kapena public policy, zotsatira zomwezo zikhoza kukuthandizani. Nazonso zimakhala zaka zisanu.

Mphatso:
Kusiyana kwina ndi momwe kompyuta imakutsatira. GMAT imasintha funso ndi funso: ukakhoza imakupatsa lovutirapo, ukalakwa imafewetsa. Sungalumphe funso, uyenera kuyankha kuti upite kutsogolo. Chomwe anawonjezera pa yatsopanoyi n'chakuti ukhoza kuika chizindikiro pa mafunso, ndipo nthawi ikatsala ukhoza kubwerera n'kusintha mayankho atatu pa gawo lililonse. GRE imasintha gawo ndi gawo, ndiye mkati mwa gawo umayenda momwe ukufunira. Kwa munthu amene amapanikizika akakumana ndi funso lovuta, zimenezi si zazing'ono.

Osasankha potengera zonena za anthu. Onse awiri ali ndi mayeso oyeserera aulere, a GMAT ali pa mba.com, a GRE pa webusaiti ya ETS. Lembani imodzi Loweruka lino, inayo Loweruka linalo, muone yomwe ikukukhalani.

Kondwani:
Koma aulere a GMAT ndi awiri okha, musawamwaze. Amodzi poyambira kuti mudziwe pomwe muli, enawo musunge mpaka mutatsala pang'ono kulemba. Ndipo polemba muchite ngati ndi tsiku lenileni, foni kutali, wotchi ikuyenda, osaimitsa kuti mukamwe madzi.

Thoko:
Pepani kulowerera, mchimwene wanga anapeza 710 zaka zapitazo ndipo akundiuza kuti pansi pa 700 ndisataye nthawi. Ine pa zoyeserera ndikupeza 645. Ndisiye?

Yamikani:
Musasiye, mukufanizira miyeso iwiri yosiyana. Yakale inali 200 mpaka 800, yatsopano 205 mpaka 805, ndipo anachita dala kuti malikisi atsopano azithera ndi 5 kuti anthu asasokoneze. Pa tebulo lofanizira la GMAC, 645 yatsopano ikufanana ndi 700 yakale. Ndiye inu ndi achimwene anuwo mwayandikana kwambiri. Auzeni mwaulemu.

Thoko:
Ndiwauza, koma mwaulemu sindikulonjeza.

Anabanda:
Ndionjezere za kawerengedwe, poti ndaona ana ambiri akuwerenga kwambiri koma osasuntha. Amayankha mafunso 50 patsiku, n'kuona kuti akhoza 32, n'kutseka buku. Mawa chimodzimodzi. Pakatha miyezi iwiri akadali pa 32.

Gulani kope. Funso lililonse lomwe mwalakwa, ndi lomwe mwakhoza mongolota, mulembe zinthu zitatu: linali la mtundu wanji, munalakwa chifukwa chiyani, ndipo mukanaona chiyani kuti musalakwe. Pa chifukwa musalembe kuti "kusasamala", amenewo ndi mawu obisalamo. Lembani zenizeni: sindinawerenge kuti akufuna nambala yathunthu, ndinaiwala ziro, ndinayankha funso lomwe sanafunse ngati a Tadala pa x uja. Pakatha masabata atatu mukawerenga kopelo mudzapeza kuti zolakwa zanu si zana, ndi zinayi kapena zisanu zomwe zikungosintha malaya. Langa linali lodzaza ndi maperesenti. Chinthu chikakwera ndi 20 peresenti n'kutsika ndi 20 peresenti ndinkati chabwerera pomwe chinali, chikhalirecho chafika pa 96 mwa 100. Ndinalakwa kanayi konse ndisanavomereze kuti vuto ndi ine.

China, phunzirani kulisiya funso. Mu Quant muli ndi mphindi ziwiri ndi timasekondi pa funso lililonse. Mukakakamira limodzi mphindi zisanu, mwabera ena awiri, ndipo kusiya mafunso osayankha kumapeto kumatsitsa malikisi kwambiri. Ana okhoza m'kalasi ndi amene zimawavuta, sanazolowere kungosankha yankho n'kupitirira.

Limbani:
Data Insights musaiiwale. Anthu amene akuwerenga mabuku akale amaitenga ngati Integrated Reasoning yakale ija, yomwe sinkalowa m'malikisi aakulu. Pano ndi gawo limodzi mwa atatu a malikisi anu. Muli matebulo, magirafu, ndi mafunso oti uphatikize zomwe zili m'masamba awiri kapena atatu. Ena ali ndi zigawo zingapo, ukalakwa chimodzi funso lonse lapita. Kwa wa akaunti likhoza kukhala gawo lokolola, mukalizolowera.

Chisomo:
Nanga mayeso a Chingerezi aja, TOEFL kapena IELTS? Tilemberetu limodzi?

Mphatso:
Ayi, amenewo amatha pa zaka ziwiri zokha. Mulembe mukatsala pang'ono kufunsira malo. Ndipo yambani mwaona malamulo a sukuluyo, zambiri sizifuna mayeso amenewa ngati digiri yanu yonse munaphunzira m'Chingerezi.

Kondwani:
Kanthu kena kakang'ono kamene kamaliza anthu: dzina lomwe mukulembetsera mayeso lifanane ndendende ndi la pa chiphaso chomwe mudzaonetse pa tsikulo. Ngati mukukalembera kunja kwa dziko lanu amafuna pasipoti, ndipo ikhale yosatha ntchito.

Tadala:
Ndabweranso. Ndalemba zoyeserera za GMAT dzulo monga munanenera, foni ndinasiya chipinda china. Ndapeza 555. Quant inayenda bwinoko, Verbal pakatikati, koma Data Insights nthawi inandithera nditatsala ndi mafunso anayi. Funso limodzi la matebulo ndinakhalapo mphindi zisanu ndi ziwiri, mayi Anabanda musandikalipire.

Ndaganiza motere. Semesita ino GMAT ndaiika pambali, kupatula kuwerenga kwa mphindi 20 kuja ndi kuwerengera pamanja. Mayeso a kusukulu akatha ndiyamba mwamphamvu pa tchuthi, ndilembe chaka chomaliza chisanayambe, kuti zikavuta ndikhale ndi mpata wobwereza Epulo asanafike. Buku lakale lija ndabweza kwa mwini wake, ndamuuzanso kuti asabwereke wina.

Anabanda:
Sindikukalipirani mwanangu, 555 osakonzekera si poyambira poipa. Funso la mphindi zisanu ndi ziwirilo likhale loyamba m'kope. Ndipo poti mwasankha khomo lachiwiri, yambani kuganiza za aphunzitsi kapena abwana a ku internship amene adzakulembereni makalata okuchitirani umboni. Ayenera kukhala anthu okudziwani ntchito zanu, osati dzina lokha pa mndandanda wa kalasi.

Kondwani:
Nanga GRE mwaiyesa? Munalonjeza Loweruka linalo.

Tadala:
Analonjeza ndi a Mphatso m'malo mwanga! Koma ndiiyesa. Loweruka lino ndili ndi mayeso a auditing Lolemba lake, ndiye ikhala sabata yotsatira.

Chisomo:
Tidzalembere tsiku limodzi a Tadala, tifanizire. A Yamikani, pakadali pano tipatseni lina la Data Sufficiency, ulendo uno simundigwira.